Kambuku Wakuda ndi Mnyamata Wopanda Mphamvu: Kuunikanso Fantastic Four Nambala 52

M'chaka cha 1991, ndili Sitandade 6, amalume anga ankagwira ntchito yophika kwa mzungu wina ku Nyambadwe. Loweruka lililonse madzulo ankabwera kwathu ku Goliyo, ku Ndirande, atanyamula jumbo la zinthu zimene abwana awo ataya: mabotolo, zitini za bisiketi ndiponso nyuzipepala zakale zoti mayi azikulungira zitumbuwa zomwe ankagulitsa pamsewu. Tsiku lina m'jumbomo munatuluka kabuku ka makatuni kopanda chikuto, mapepala ake atafiira ngati fodya wouma. Mayi anali atakagwira kale kuti akang'ambe, koma ine ndinakapempha n'kukabisa pansi pa mphasa.

Kabuku kameneka kanayenda Goliyo yense. Masiku amenewo kuno kwathu kunalibe wailesi ya kanema, pakuti inadzayamba mu 1999, ndipo zithunzi zoyenda tinkakazionera m'tinyumba ta vidiyo momwe ankaonetsa Rambo ndi Bruce Lee. Motero komiki inali chuma. Wofuna kubwereka ankalipira ndi nzimbe, kapena kundilola kusewera mpira wake wachikulunga. Chingerezi chathu chinali chopunduka, ndiye tinkawerenga zithunzi, mawuwo n'kumangodzipangira tokha. Anthu a m'nkhanimo tinawapatsa maina athuathu. Wa thupi lamiyala tinkamuti Chimwala, woyaka moto tinkamuti Chimoto, wotanuka ngati mphira tinkamuti Legeni, ndipo mayi wozimiririka uja tinkamuti Mzukwa. Koma tonse mtima wathu unali pa munthu wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amene tinkamutcha Kambuku.

Papita zaka zoposa 30. Mwana wa achemwali anga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira buku losonkhanitsa makomiki akale a kampani ya Marvel, ndipo nditatsegula ndinazindikira zithunzi zija nthawi yomweyo. Kabuku kathu kaja kanali Fantastic Four nambala 52. Kopanda chikuto kaja kayenera kuti kanali kosindikizidwanso pambuyo pake, chifukwa kenikeni kanatuluka ndi deti ya July 1966 pa mtengo wa masenti 12, ndipo lero kosungidwa bwino kamagulidwa ndalama zoposa malipiro anga a chaka chonse m'boma. Ndakawerenganso tsopano ndili ndi imvi ziwiri zitatu komanso Chingerezi cha mu ofesi, ndipo ndapeza kuti nkhani imene tinkaikonda ija ikusiyana ndi imene inalembedwa.

Analemba mawu ndi Stan Lee, anajambula ndi Jack Kirby, ndipo Joe Sinnott ndiye anadutsitsa inki. Lee ndi Kirby anali ana a Ayuda omwe anasamukira ku New York kuchokera ku Ulaya. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kakuti Kirby ankajambula nkhani yonse tsamba ndi tsamba, kenaka Lee n'kuika mawu m'kamwa mwa anthuwo. M'kabuku kameneka ndi momwe munaonekera koyamba Black Panther, yemwe amatengedwa kuti ndi ngwazi yoyamba yakuda ya mphamvu zodabwitsa m'makomiki akuluakulu a ku America. Tikumbukire kuti inali nthawi imene anthu akuda kumeneko anali atangopambana kumene malamulo a 1964 ndi 1965 owapatsa ufulu wofanana ndi wa azungu komanso wovota. Chipani cha Black Panther chinadzakhazikitsidwa mu October 1966, komikiyi itatuluka kale.

Nkhani yake ndi iyi. Mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda itumiza mphatso kwa ngwazi zinayi za ku New York. Mphatsoyo ndi ndege yopanda mapiko ooneka, yaliwiro lodabwitsa, imene ngakhale Reed Richards, katswiri wa sayansi uja tinkamuti Legeni, alephera kumvetsa kuti yapangidwa bwanji. Pamodzi ndi mphatsoyo pabwera uthenga wowaitana ku Wakanda kukaonerera uzimba waukulu. Iwo avomera, ndipo podzera kusukulu yaukachenjede kukatenga Johnny Storm atenganso mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Wyatt Wingfoot, mnyamata wa mtundu wa Amwenye ofiira a ku America, yemwe alibe mphamvu iliyonse yachilendo. Atafika ku Wakanda apeza kuti pansi pa masamba a nkhalango pali nkhalango ina ya mapaipi, mawaya ndi makina. Apa m'pomwe azindikira kuti nyama zosakidwa pa uzimbawo ndi iwo omwe.

Kambuku awagwira mmodzimmodzi. Johnny amutsekera mu msampha wosapsa ndi moto. Asilikali a mfumu awombera otsalawo ndi mfuti zowakankha kuti asayandikane. Sue, ngakhale wazimiririka, amupeza ndi fungo n'kumugonetsa ndi utsi. Ben Grimm agwiritsa ntchito madzi othiridwa mankhwala ofoola, mphamvu zake n'kuchepa. Reed amumanga maunyolo mumdima. Koma mlenjeyo waiwala munthu mmodzi. Wyatt Wingfoot, amene palibe anamuwerengera, azemba n'kukapeza malo amene alonda akuonera zonse, awagonjetsa, aphwanya makina awo, n'kukamasula Johnny. Anayiwo atagwirizananso amuzinga Kambuku, ndipo iye avomera kugonja, avula chophimba nkhope n'kulonjeza kufotokoza mbiri yake. Nkhani ithera pomwepo, pa masamba 20.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti zilipo ndipo n'zazikulu. Mwana wa ku Ndirande wa nthawi yathu anali atazolowera kuona Africa wa m'mafilimu a Tarzan, momwe munthu wakuda amanyamula katundu pamutu, amathawa akamva mfuti, kapena amagwa m'phompho kuti mzungu aoneke wolimba mtima. Kirby anatembenuza chithunzi chimenechi. M'kabuku kano wopereka mphatso ndi Mwafirika, wolandira ndi Mmereka. Wodabwa ndi luso la mnzake ndi katswiri wa ku New York. Ife amene timagwira ntchito m'boma, amene takhala zaka zambiri tikulemba makalata othokoza maiko otithandiza chifukwa cha galimoto, makompyuta ngakhale mipando, tikudziwa kulemera kwa chithunzi chimenechi kuposa momwe ojambulawo akanaganizira. Ngakhale Ben Grimm, yemwe pachiyambi pa nkhani anyoza mfumuyo poifanizira ndi anthu a m'mafilimu a Tarzan omwewo, amaliza atagonjetsedwa ndi amene ankamuderera. Olembawo anaika chipongwe m'kamwa mwa ngwazi yawo yomwe kuti achitsutse ndi zochitika.

Luso la Kirby nalo silinakalambe. Nkhalango yake ya makina ndi imodzi mwa zinthu zimene munthu ukaona kamodzi suiwala: mapaipi opindika ngati mizu ya kachere, mawaya olendewera ngati zilambe, tinyali totuluka ngati maluwa. Kambuku sajambulidwa ataima chilili. Nthawi zonse ali m'malere, miyendo ili uku manja ali uko, chovala chake chakuda chikuwala m'mbali mokha. Ife osadziwa Chingerezi tinkatsata nkhani yonse popanda kuphonya kanthu, ndipo umenewu ndiwo umboni wa wojambula waluso. Ndimakumbukira kuti mnzanga wina wochokera ku Dedza ankati Kambukuyo ndi chilombo cha gule wamkulu, chifukwa munthu akalowa m'chovalacho amasiya kukhala mwana wa uje n'kukhala chinthu choopedwa ndi mudzi wonse. Sindinapezebe wounika wina amene anafotokoza bwino chovalachi kuposa mwana ameneyu.

Komatu pali zimene diso la mwana silinaone. Choyamba ndi khalidwe la mfumuyo. Kwathu kuno timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho timamulandira bwino. Mfumu ya Wakanda iitana alendo ndi mphatso, iwo n'kubwera ndi mtima woyera, iyo n'kuwatchera misampha ngati mbewa. M'kabuku kotsatira, ka nambala 53, tiuzidwa chifukwa chake, kuti ankadziyesa mphamvu pokonzekera kulimbana ndi Klaw, mzungu amene anapha bambo ake, T'Chaka. Chifukwacho chimveka, koma sichichotsa mfundo yakuti munthuyu amaona anthu ena ngati zida zoyesera luso lake.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chandilembetsa nkhaniyi, ndi anthu a ku Wakanda. Ndawafufuza tsamba ndi tsamba. Alipo ambiri ndithu, atanyamula mikondo kapena mfuti, ataima mozungulira mpando wa mfumu, akuthamanga kukachita zimene alamulidwa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi dzina loti n'kulikumbukira. Palibe nduna imene ifunsa mfumu ngati n'kwanzeru kusaka alendo. Palibe gogo woti n'kuidzudzula. Sitiona mmisiri amene anawotcherera mapaipi aja kapena kulumikiza mawaya aja. Luso lonse la dziko, chuma chonse, nzeru zonse ndi mphamvu zonse zili mwa munthu mmodzi. Aliyense amene anayendapo mumsika wa Ndirande, pomwe amisiri amasula mbaula, ndowa, mafelemu a mawindo ndi zitsulo za galimoto kuchokera m'zinthu zotayidwa, akudziwa kuti luso silibadwa m'mutu umodzi. Lee ndi Kirby anatha kulota Mwafirika mmodzi wamkulu, koma sanathe kulota Aafirika ambiri olankhula.

Nditaona deti ya July 1966 pa tsamba loyamba, ndinaika buku pansi. Pa 6 July 1966 m'pomwe dziko lathu linasanduka lipabuliki, Dr Hastings Kamuzu Banda n'kukhala pulezidenti, ndipo malamulo atsopano anakhazikitsa chipani chimodzi. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu September 1964, nduna zimene zinayesa kufunsa mafunso zinachotsedwa kapena kutula pansi udindo. Ena mwa iwo anali Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Rose Chibambo. Mu 1971 mtsogoleriyo anakhala pulezidenti wamuyaya. Nayenso anali munthu wophunzira m'masukulu a kunja amene anabwerera kudzapulumutsa anthu ake. Nayenso ankatchulidwa ndi dzina la chilombo cha m'tchire, Mkango, ndiponso ndi liwu lomwe ndakhala ndikuligwiritsa ntchito m'nkhani ino pofuna kumasulira anthu a m'makomikiwa, loti Ngwazi. Sindikunena kuti anthu awiri a ku New York ankadziwa za Zomba kapena Blantyre. Ndikungoti loto limene anajambula, la dziko lopulumutsidwa ndi munthu mmodzi wodziwa zonse pomwe ena onse akuomba m'manja, ife tinali titayamba kale kukhalamo, ndipo tikudziwa mtengo wake.

N'chifukwa chake powerenganso, maso anga achoka pa Kambuku n'kupita pa Wyatt Wingfoot. Tili ana sitinamupatse ndi dzina lomwe, tinkangoti mnyamata uja. Koma taonani mmene nkhaniyi yamangidwira. Mfumu inawerenga mphamvu za ngwazi iliyonse n'kukonza msampha woyenera aliyense. Amene inalephera kumukonzera msampha ndi munthu wamba, chifukwa sinamuone n'komwe. Apa olembawo anagwiranso m'thumba la maganizo akale, pomuonetsa Wyatt ngati wodziwa kulondola mapazi kaamba ka mtundu wake, monga momwe mafilimu a makaubhoyi ankachitira. Komabe mfundo yaikulu siigwa: amene anagonjetsa munthu wanzeru koposa ndi uja ankaoneka wopanda ntchito. Komanso anayiwo anagonja pamene anawalekanitsa, n'kupambana pamene anakumananso. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chaka chimodzi chokha titawerenga kabukuka, zimenezi tinaziona ndi maso. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula mmene dziko linkayendera. Mu May chaka chomwecho ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito, ndipo chipwirikiti chinafalikira mumzinda wonse. Anthu anafa. Ife ana anatitsekera m'nyumba, tikumva mfuti chapatali. Pa 14 June 1993 anthu anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Amene anachita zimenezi sanali ouluka kapena oyaka moto. Anali osoka nsalu, olondera, ogulitsa tomato, ophika m'nyumba za ku Nyambadwe ngati amalume anga, anthu amene boma lokhala ndi makutu paliponse silinawawerengere. Kunena zoona, Ndirande ndi mudzi wa a Wyatt Wingfoot.

Ndisatseke osanenapo za chuma cha Wakanda, ngakhale chinsinsi chake chiululidwa m'kabuku ka nambala 53. Pansi pa dzikolo pali mwala wosowa wotchedwa vibranium, umene Klaw anaphera mfumu yakale. Mwana wa mfumuyo anagulitsako pang'onopang'ono, ndalama zake n'kukaphunzirira kunja ndi kumangira makina aja. Ili ndi loto lokoma chifukwa mbiri yeniyeni inayenda mosiyana. Uranium wa ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo anagwiritsidwa ntchito popanga mabomba a atomiki a 1945, ndipo Patrice Lumumba anaphedwa mu January 1961 m'chigawo cha migodi cha Katanga chomwecho. Kuno kwathu mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014 mitengo itagwa, ndipo tamva za miyala ina ya mtengo wapatali ku Kangankunde, ku Kanyika, ku Kasiya ndi ku Songwe. Nthawi zonse nkhani ya migodi ikabuka, pa minibasi pamakhala wina wonena kuti tikungosowa mtsogoleri mmodzi wolimba kuti tikhale ngati Wakanda. Ine ndimati tibwerere ku komikiyo tikaone bwino. Ku Wakanda wa 1966 palibe wofunsa mfumu kuti mwalawo wagulitsidwa zingati, kwa yani, ndipo ndalama zili kuti. Zinayenda bwino chifukwa olemba anasankha kuti mfumuyo ikhale yoona mtima. Ife tilibe wolemba woti atisankhire choncho. Chimene tili nacho ndi mapangano olembedwa, nyumba ya malamulo, atolankhani ndi makalaliki osunga mafayilo, zinthu zosasangalatsa kujambula koma zoteteza dziko.

Mpofunika kuyamikira kuti amene anadzatenga nkhaniyi pambuyo pake anaona dzenje limeneli. Mu filimu ya Black Panther ya 2018, yotsogoleredwa ndi Ryan Coogler, momwe Chadwick Boseman anasewera ngati T'Challa, Wakanda ali ndi bwalo la akuluakulu, ali ndi akazi olamula asilikali, ndipo luso la makina lili m'manja mwa mlongo wake wa mfumu. Pabwalo la akuluakulu lija panakhala Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa yemwe bambo ake anali Mmalawi wa ku Nkhata Bay. Iye anabadwira ku Welkom, tauni ya migodi ya golide, ndipo mu filimumo anali mkulu wa fuko la anthu a migodi. Anamwalira mu August 2024. Zinatenga zaka 52 kuchokera pa kabuku kaja kuti mwana wa Mmalawi akhale pa bwalo limenelo, pa mpando wa anthu amene mfumu iyenera kuwamvera.

Kodi kabukuka n'koyenera kukawerenga lero? Yankho langa ndi lakuti inde, ndipo makamaka achinyamata athu ojambula, amene ndimawaona akulemba zikwangwani za mabala ndi masaluni ku Chinseu, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa. Aphunzire kwa Kirby kuyendetsa diso la wowerenga kuchokera pa chithunzi china kupita pa chinzake popanda kudalira mawu. Aphunzire kuti chithunzi chimodzi chingathe kusintha mmene mwana amadzionera, monga chinatisinthira ife. Tili ndi poyambira, pakuti malemu Brian Hara anationetsa kale ndi Pewani wake kuti munthu wa m'misewu yathu angathe kukhala mwini nkhani. Koma akamadzalota Wakanda wawo, asadzaiwale kupatsa maina anthu oima kumbuyo kwa mpando, ndi kuwapatsa pakamwa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utavala chophimba cha kambuku.

Kabuku kathu kaja kanatha mmene zinthu zambiri zimathera ku Ndirande. Nditapita kumudzi pa tchuthi cha 1992, nyuzipepala zinawathera mayi, ndipo anakakumbukira pansi pa mphasa paja. Nditabwerako ndinalira, iwo n'kundifunsa kuti ndalama ya yunifolomu yanga ndimaganiza kuti imachokera kuti. Tsiku limenelo anthu ena a ku Goliyo anadya zitumbuwa zokulungidwa m'nkhalango ya Wakanda, ndipo temu yotsatira ine ndinapita kusukulu nditavala malaya atsopano.